Msana wa Anesi

Mng'ono wanga Anesi anayamba kubereka kumbuyo asanadziwe n'kulemba dzina lake komwe. Ali kamtsikana ankabereka chitsononkho pa kansanza. Atasinkhukirapo, mayi athu anamusiyira mlongo wathu wotsiriza kuti azimulera iwo ali ku tiyi. Atafika msinkhu wolembedwa ntchito pa esiteti, kapitawo anamukoleka dengu, ndipo kuchokera pamenepo msana umenewo sunapumepo. Ine ndine Mildred, mkulu wake. Takhala tikuthyola tiyi mizere yoyandikana kuyambira tili mbeta, nyumba zathu kumalaini n'zogawana khoma, choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa.

Lero mukamupeza pa siteji Lolemba kapena Lachinayi m'mawa akudikira minibasi ya ku Blantyre, muona mayi wamfupi woweramira kutsogolo pang'ono ngati wabereka kanthu. Kumbuyoko kulibe kanthu. Pachifuwa pake, pomwe mayi aliyense amadutsitsa nsalu n'kumangapo mfundo ya mbereko, pali kachubu kolowa mumtsempha. Popanda kachubu kameneko Anesi sangakhalitse ndi moyo, ndipo kachubu ndi mfundo sizikhalira malo amodzi. Nkhani yake yonse yagona pamenepo. Zinazi ndikungofotokoza mmene tinafikirapo.

Pa tiyi Anesi analibe mnzake. Sankayang'ana manja ake pothyola: masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo osacheuka, masamba awiri ndi kansonga, mpaka dengu kudzaza. Ife tinkathyola ndi pakamwa pomwe, miseche ndi nyimbo, iye ankathyola ndi zala basi. Anakwatiwa ndi a Douglas a kwa Changata, ogwira ntchito kufakitale. Alamu angawa ndi munthu wabwino, sindingawanamizire, koma ndi aja oti nyumba ikamapsa amayamba afunsa kaye kuti chidebe chili kuti.

Mimba zinkabwera koma sizinkafika. Ikangoyamba kuonekera, miyendo ya Anesi inkatupa, mutu n'kumawawa, kuchipatala n'kumati magazi akuthamanga kwambiri, mapeto ake n'kupita padera. Pa mimba yoyamba ija anagula chitenje ku Masambanjati, chobiriwira cha maluwa achikasu, kuti adzaberekere mwana wake. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuuza kuti sagula mbereko mwana asanabadwe. Anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo chinakhala mmenemo zaka zambiri chisanaone sopo.

Zaka zimenezo ndi zomwe ine ndinkabereka ngati ndatumidwa. Ana anga onse anayi anakulira pamsana pa Anesi. Tikaweruka, akangotula dengu, ankatola wakhanda wanga n'kumuponya kumbuyo, ine n'kumaphika manja ali omasuka. Ana a anthu ena kumalaini nawonso ankaudziwa msana umenewo. Mwana akavuta, amake ankangoti, "Kamupatseni Anesi," ndipo posakhalitsa unkamupeza ali mtulo, tsaya litagunda pakati pa mapewa. Nsalu zoberekera anawo zinali za eni ake. Chobiriwira chija sankachitulutsa.

Mwana wake Lisa anabwera tonse titasiya kale kuyembekezera, imvi zitayamba kuonekera m'mutu mwa a Douglas. Anabadwira ku chipatala cha mishoni ku Makwasa, masiku asanakwane, kamwana kochepa ngati botolo, koma kamoyo. Tsiku lotuluka m'chikuta Anesi anatsegula sutikesi ija. Kwa miyezi ingapo chitenje chobiriwira chinazungulira esiteti yonse: kumpopi, kuchigayo, kutchalitchi, ngakhale poti sipafunika kupita. Ndinkamuseka kuti mwanayo adzayamba kuyenda atamera ndevu. Iye ankangomwetulira n'kumagwedeza msana.

Koma kutupa kwa pa mimba kuja sikunathe. Nkhope inkadzuka yotupa, chakudya chinkabwerera, mkodzo unkachepa tsiku ndi tsiku. Tinkati ndi uchembere wa mochedwa. Lisa atayamba kukhala pansi, Anesi anagwa pakhomo akusesa, ndipo ku Makwasa anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko adokotala anati impso zonse ziwiri zinasiya ntchito ndipo sizidzayambiranso. Zoipa zomwe impso zimachotsa m'magazi zinkayenera kumachotsedwa ndi makina, kawiri pa sabata, moyo wake wonse. Iwo amati dayalisisi. Kuti magazi azituluka kupita m'makina n'kubwerera, anamuika kachubu pachifuwa kumanja, m'munsi mwa fupa la khosi, kokhala ndi michira iwiri yolendewera kunja. Kuyamwitsa kunathera pomwepo.

Amene anatiphunzitsa za kachubuko ndi Sisitala Leah, nesi wa kuchipinda cha makinawo, mayi wojintcha wa mawu otsika, wosapupuluma. Anatikhazika pabenchi tonse awiri, ine monga womudikirira.

"Mayi Anesi," anatero, "kachubu aka kalowa mumtsempha waukulu, ndipo nsonga yake ili pakhomo pa mtima. Chilichonse cholowera apa sichisochera, chimakafika m'magazi. Ndiye bandeji iyi isanyowe. Posamba musadzithire madzi. Muzinyowetsa kansalu n'kumapukuta thupi, apa muzipalambalala. Musaimatule, musakandepo ngakhale payabwe bwanji. Tizitsekerero iti, kofiira ndi kabuluu, timatsegula ndife titavala magolovesi."

Anesi ankangogwedeza mutu.

"Mukamva kuzizidwa, thupi likatentha, apa pakafiira kapena pakatuluka mafinya, musadikire tsiku lanu, bwerani. Kakasololoka magazi n'kuyamba kutuluka, tsindikanipo ndi nsalu yoyera, wina athamangire galimoto. Tandibwerezerani zomwe ndanena."

Anesi anabwereza zonse osadumpha. Kenako Sisitala anandiuza ine kuti ndibwerezenso, ndipo ndinaiwala za tizitsekerero. Anandiyambitsanso poyambirira ngati mwana wa sitandade wani. Anatchulanso zakudya: nthochi ayi, mapeyala ayi, chinanazi ayi, mchere wongolawitsa, madzi a m'kapu yoyeza. Kumuletsa munthu wa ku Thyolo nthochi ndi mapeyala kuli ngati kumuuza kuti asamuke, koma Anesi sanatsutse. Atamva kuti dengu watsanzikana nalo sanatsutsenso. Funso lake linali limodzi.

"Nanga mwana?"

"Kumbuyo ayi," anatero Sisitala. "Nsalu idzakhula pa kachubupa. Mwana akakodza, kapena mvula ikakupezani panjira, bandeji yanyowa. Muzimufungata pamiyendo, koma aziyang'ana kutsogolo, msana wake pamimba panu, kuti timanja tisafike apa. Makanda amakoka chilichonse cholendewera."

"Mpaka liti?"

"Mpaka adokotala atakukonzerani mtsempha wa pamkono kuti kachubuka tikachotse. Koma odikira ndi ambiri, ndipo mitsempha yanu ya m'mikono ndi yopyapyala. Sindikunamizani, tsiku sindikulidziwa."

Anesi anati, "Zikomo." Anamanga mabatani a bulauzi mpaka m'khosi, tinanyamuka.

Kuchokera pamenepo masiku ake anafanana. Lolemba ndi Lachinayi ankakwera minibasi ya a Salehe, dalaivala wa ku Masambanjati yemwe atamva za matendawa anayamba kumusungira mpando wakutsogolo kuti anthu asamupanikize pachifuwa. Ankagona pamakina theka la tsiku akuonerera magazi ake akuzungulira m'timapaipi, n'kubwerera madzulo atatheratu. Ndikamufunsa kuti zayenda bwanji ankati, "Zayenda." Ndikamufunsa ngati pakuwawa ankati, "Sindikumva kanthu, achemwali." Sankalira, sankadandaula, sankapemphera mokweza ngati ena. Ndinkalakalaka atanditukwana n'kamodzi komwe kuti ndidziwe kuti mkatimo muli munthu.

Malamulo a Sisitala ankawasunga kuposa a m'Baibulo. Ankasamba ndi kansalu m'beseni. Mapeyala ankagwa okha kuseri kwa malaini, iye n'kumawadutsa. Lisa ankamukhazika pamiyendo monga anauzidwira, atayang'ana kutsogolo. Mwanayo akatembenuka kuti aone nkhope ya amake, Anesi ankamugwira timapewa n'kumubwezera. Masiku a makina Lisa ndinkamusiya kumkombaphala wa pa esiteti popita kuntchito, poweruka n'kumutenga. Masiku enawo ankaswera ndi amake pamphasa, ndipo ndikamachokera kumunda ndinkamumva ndili patali akulira. Ndikangomuponya kumbuyo ankatonthola.

Tsiku lina tinapita naye ku sikelo ya ana. Ine ndinabereka, Anesi ankabwera pambuyo atanyamula ambulera. Mlangizi wa zaumoyo anali wachilendo. Atamuyeza Lisa anayang'ana ine n'kuyamba kufunsa: akudya phala kangati, anatsegulapo m'mimba, mano ayamba? Ndinati, "Amake ndi awa." Mlangiziyo anamuyang'ana Anesi, anapepesa, koma funso lotsatira anafunsanso ine. Sindimuimba mlandu, pa sikelo mayi amadziwika ndi mbereko. Pobwerera ine ndinalongolola za mtengo wa feteleza mpaka kufika kunyumba kuti pasakhale zii.

Kenako mvula inagwa, tiyi anaphuka. Nyengo imeneyo wothyola tiyi saona khomo lake: timalowa m'munda kukungocha, n'kutuluka dzuwa litapendeka. A Douglas nawo kufakitale kunali kosapumira. M'masabata amenewo ndinaona kusintha. Pobwera kumunda sindinkamvanso kulira kuja. Lisa ndinkamupeza atagona bwinobwino, Anesi akusankha nandolo pakhonde, nthawi zina akung'ung'udza kanyimbo. Ndinathokoza Mulungu kuti mwana wazolowera.

Lachitatu lina kunachita mphenzi zoopsa masana, kapitawo anatiweruza msanga. Ndikukhota pakona ya malaini ndinaona chitenje chobiriwira chikuchokera kumpopi. Anesi anali atabereka Lisa, kachidebe kali m'manja. Ankayenda mmene ankayendera kale, mogwedeza msana, ndipo nkhope yake inali ija ndinali nditaiiwala. Kenako mtima unandiphulika.

"Iwe Anesi, wapenga?"

"Musakuwe, achemwali, wagona."

"Tsitsa mwanayo pompano."

"Sikunyowa. Bwerani muone."

Tinalowa m'nyumba. Anamutsitsa Lisa pamphasa n'kumasula mabatani. Othyola tiyi tonse tili ndi pepala lochindikala la pulasitiki lomwe timadzimanga nalo kuchokera pachifuwa mpaka m'mawondo, kuti mame ndi mvula ya pamasamba zisatinyowetse. Anesi anali atadula chigamba pa pepala lake lakale, n'kuchichapa ndi sopo, n'kuphimba nacho bandeji yonse, m'mbali atamata ndi pulasitala. Pamwamba pake anaika kansalu kopindapinda kuti mbereko isakhule. Anaganiza zonse, mng'ono wanga. Ankachita zimenezi m'mawa uliwonse ife tikangochoka, ndipo masiku a makina ankamatula pepalalo kuti bandeji iume asanafike ku Blantyre.

"Unawafunsa a Sisitala?"

"Anati isanyowe. Mvula sinalowepo, mkodzo sunafikepo."

"Nanga madzi ali mkatimuwa?" Pansi pa pepalalo panali timadontho, bandeji itasanduka yotuwa.

"Limenelo ndi thukuta. Si madzi akunja, n'la m'thupi langa lomwe."

"Safunsa anadya phula, iwe. Ukufuna mwanayu akhale wamasiye?"

"Ine ndinabereka ana anu anayi," anatero motsitsa mawu. "Wangayu ndamubereka miyezi yowerengeka."

Ndinangomugwira pamphumi. Panali potentha.

M'mawa mwake linali Lachinayi. Ndinajomba kuntchito, ndinamusiya Lisa kumkombaphala, n'kukwera naye minibasi. Anandipempha panjira kuti ndisanene. Ndinamuuza kuti ndinena, ndipo titangolowa ndinanenadi zonse. Sisitala Leah sanakalipe. Anati anali ataona kale kuti bandeji ikumabwera yofewa m'mbali, ndipo atafunsa, Anesi ankati n'kutentha kwa m'minibasi. Anavala magolovesi n'kumatula. Khungu lozungulira kachubu linali lofiira ndi lotupa, ndipo atadina pang'ono panatuluka mafinya. Anaitana adokotala, anatenga magazi okayeza, anayamba kumupatsa mankhwala. Kusefa magazi pamakina sakanakudumpha chifukwa thupi linali litadzaza madzi, ndiye anamulumikiza. Makina atayenda pang'ono Anesi anayamba kunjenjemera. Bedi linkagwedezeka, mano akugundana, mabulangete atatu osathandiza. Ine ndinaima pakhomo nditagwira zovala zake, osamva mantha, osamva chisoni, ndikungoyang'ana kachigamba ka utoto komwe kanasupuka pakhoma.

Tizilombo tinali titalowa m'magazi. Kachubu kaja anakazula tsiku lomwelo, n'kumuika kena kongoyembekezera m'mphechepeche. Anamugoneka m'wodi. Masiku oyamba sankazindikira munthu, ankalankhula Chilomwe ndi mayi athu omwe anamwalira kalekale. Atayamba kutsitsimuka, mlongo wawo wa a Douglas anabwera kudzamudikirira, ine n'kubwerera ku esiteti, chifukwa kapitawo sadya chifundo ndipo mwana anali kwa aneba. Ana saloledwa kulowa m'wodi. Choncho kwa masabata onse amene Anesi anagona kumeneko, Lisa anali wanga: kumusambitsa ine, phala ine, kugona naye ine, kumbuyo ine. Anayamba kuimirira atagwira mwendo wanga. Anaponya phazi loyamba pakhonde langa, ndipo a Douglas akupita kukamuona Anesi Lamulungu ndinawauza kuti akanene. Atabwera ndinawafunsa kuti Anesi wati chiyani. Anati wangoti, "Chabwino."

Tsiku lotuluka ndinapita kukamutenga. Anali atamuika kachubu katsopano pachifuwa kumanzere. Sisitala Leah anatikhazikanso pabenchi lomwe lija. Anavula golovesi lomwe anali nalo kudzanja, n'kumuonetsa Anesi chikhatho chake chili chonyowa.

"Mwaona? Sindinagwire madzi, koma taonani. Pulasitiki imatsekera thukuta. Khungu la munthu aliyense lili ndi tizilombo ngakhale asambe chotani, ndipo timakonda ponyowa ndi pofunda. Bandeji yathuyi imapuma, n'chifukwa chake sitiiphimba." Anapukuta dzanjalo. "Za pulasitiki sindinakuuzeni, sizinandifikire m'mutu. Panopa aliyense wochokera ku tiyi ndikumamuuza."

Anesi anagwedeza mutu.

"Tsopano mumve bwino, Mayi Anesi. Mtsempha wa kumanja wafota, sungalandirenso kachubu. Pachifuwa patsala kumanzere kuno basi. Ka m'mphechepeche mwakaona nokha, sikakhalitsa. Aka kakavunda, tidzasowa pobaya. Sindikukuopsezani, ndikukuuzani kuti mudziwe."

"Ndamva."

"Ndikudziwa kuti n'zowawa. Inenso ndine mayi."

"Sizikuwawa, Sisitala," anatero Anesi. "Ndamva."

Titafika kumalaini anthu anabwera kudzamulonjera. Ndinakamutenga Lisa n'kumuimika pakhomo kuti ayende yekha kupita kwa amake. Anesi anakhala pamphasa n'kutambasula manja. Mwanayo anamuyang'ana, anayang'ana anthu, kenako anazungulira n'kubisala kuseri kwa chitenje changa. Azimayi anaseka kuti achotse manyazi. Wina anati, "Azolowera, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo." N'zoona, koma mwambi umenewo amauza munthu wamkulu. Khanda silidziwa miyambi, limadziwa pomwe limagona. Ndinamunyamula n'kumuika pamiyendo pa amake, atayang'ana kutsogolo monga mwa lamulo. Anakhala pang'ono, anadziwongola ngati nsomba, n'kutsetsereka kubwerera kwa ine. Anesi anapinda manja ake n'kufunsa mayi wina ngati chimanga chamasula kumunda kwawo.

Zimenezo zinandiwawa kuposa kunjenjemera kuja. Ndinayesa zonse. Ndinkabisala kuseri kwa nyumba kuti mwanayo asandione. Ndinkamupatsa Anesi mbale ya phala kuti adyetse ndiye. Lisa ankadya bwinobwino, ankaseweretsa zala za amake, nthawi zina ankaseka nawo. Koma tulo tikamugwira, kapena akagwa, kapena galu akauwa, ankadutsa amake n'kubwera kudzamenya msana wanga ndi tizikhatho. Anesi ankaonerera. Pepala la pulasitiki lija analipereka kwa mtsikana wina wongoyamba kumene ntchito, lili ndi bowo lake pakona. Sanayesenso kubereka, ndipo sindinafunikenso kumulondera.

Tsiku la sikelo litafikanso, ndinapempha kapitawo kuti ndilowe mochedwa. Ndikufunafuna nsalu yoberekera, Anesi analowa m'nyumba mwanga atanyamula chitenje chobiriwira chija, chochapa ndi chosita.

"Muziberekera ichi," anatero. "Chanucho chatha, chidzamugwetsa."

"Sunga, udzaberekera wekha akadzakukonza mkono."

"Akamadzandikonza adzakhala akupita kusukulu. Weramani."

Mayi amadzimangira yekha mbereko, koma ndinawerama. Anamunyamula Lisa motalikitsa ndi chifuwa chake, n'kumugoneka pamsana panga. Anayala chitenje, anachikokera m'munsi mwa matako a mwana, analowetsa timanja tonse tiwiri mkati monga ankachitira kale, n'kundipatsira nsonga kutsogolo. Lisa anayamba kulira n'kumadzipotokola.

"Amafuna dzanja limodzi likhale kunja," ndinatero. Mawuwo anatuluka ndisanawaganize.

Anesi anafunsa ali kumbuyo kwangako:

"Kuyambira liti?"

"Uli kuchipatala."

"Dzanja liti? Lamanja kapena lamanzere?"

"Lamanja."

Ndinamva zala zake zikumasula nsalu paphewa langa. Anatulutsa kadzanjako, anakagwira pang'ono, n'kukasiya. Lisa anatonthola nthawi yomweyo, n'kugwira kolala ya bulauzi yanga. Anesi anazungulira kubwera kutsogolo, anandilanda nsonga za chitenje n'kumanga yekha mfundo pachifuwa panga, mwamphamvu, mmene ankamangira yake.

"Yathina?"

"Ayi."

"Tiyeni, tichedwa."

Anatola ambulera pakhomo. Ine ndinatsogola ndi mwana, iye n'kumabwera pambuyo pathu m'kanjira ka pakati pa tiyi, ataweramira kutsogolo pang'ono.